Job ndi work si mawu amodzi

Chaka chilichonse tikamachonga zimangirizo za a Fomu 4 timakumana ndi chiganizo ichi: "I am looking for a work." Vutoli tisalichepetse. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ndipo kalata yofunsira ntchito ikayamba choncho bwana amangoyiika pambali.

Gwero lake ndi lakuti ife tili ndi liwu limodzi, ntchito, pomwe Chingerezi chili ndi awiri. Job imawerengeka: a job, two jobs. Ndi malo amene munthu walembedwapo, kapena chinthu chimodzi choti achimalize, monga ganyu. Work siwerengeka, choncho musaike a patsogolo pake. Mukati works mwayamba kunena zina, monga mabuku a mlembi kapena zomangamanga za boma. Palinso Job wa chilembo chachikulu, amene ife timati Mneneri Ayyub. Ameneyu ndi dzina, ndipo katchulidwe kake n'kosiyana.

Koma chotikhudza kwambiri chili kunyumba. Mwana akamaliza sukulu n'kuyamba kusoka kapena kugulitsa usipa, makolo timati "sali pa ntchito," ngati kuti ntchito ndi job ya malipiro a pamwezi yokha. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, adawetapo nkhosa, adayendetsanso malonda a mayi Khadija mpaka ku Sham.

Tikupempha a komiti ya mzikiti kuti akamaitana alendo odzalankhula ndi ophunzira za ntchito, pambali pa namwino ndi mphunzitsi aziitananso telala ndi makaniko.