Za Sabata Ino: Mwana Akati Apite Kunja Kukaphunzira Kanema



Ambiri a inu muli ndi abale m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland, monga ku Banket, Bindura ndi Marondera. Nkhalamba za kumeneko zikumbukabe galimoto la kanema. Kuyambira 1948 kufikira 1963, a Central African Film Unit a ku Salisbury anali kupanga zithunzi zophunzitsa anthu akuda za ulimi, za ukhondo ndi za kusunga ndalama. Anthu anali kuseka ndi kuomba m'manja, koma wosankha nkhani anali boma. Wofuna kunena za kukhosi kwace analibe khomo.

Cifukwa cace ena anaoloka nyanja. Bambo Michael Raeburn, amene anakulira ku Salisbury, anakaphunzira ku Paris. Mu 1981 anaturutsa The Grass is Singing, nkhani ya pa pulazi yocokera m'buku la Doris Lessing, mai amene anakulira pafupi ndi Banket. Mai Tsitsi Dangarembga, wobadwira ku Mutoko mu 1959, anamuka ku Berlin mu 1989. Zinapita zaka 7 kufikira 1996, pamene anaturutsa Everyone's Child, nkhani ya ana amasiye a matenda a Edzi.

Tsono mverani. Kale inu pa mgodi munali kulandira malipiro tikiti ikatha, ndipo poso ndi pogona zinalipo. Wopanga kanema payekha alibe bwana womlipira. Ayamba wapempha ndalama khomo ndi khomo, alipira anchito ace, ndipo phindu licedwa, kapena silibwera konse. Walira mvula walira matope.

Mwana wanu akati apite, musamkalipire, pakuti inunso munasiya mudzi kutsata nchito. Koma musanatumize ndalama za thukuta lanu, mfunseni zinai. Sukuluyo dzina lace nciani? Adzalipira ndani caka ndi caka? Pasipoti ndi cilolezo cokhalira m'dzikomo ali nazo kodi? Nanga nchito yina ya m'manja yomdyetsa podikira ili kuti? Bambo Shemu Joyah wa ku Malawi, amene anaturutsa The Last Fishing Boat mu 2012, anayamba ndi nchito yoyeza malo.

Akayankha bwino, mdalitseni apite. Mumuuzenso kuti akadzabwera adzafike ku komboni ndi kamera yace, cifukwa nkhani za agogo ace, amene anayenda pansi kucokera ku Nyasaland, zikupita nao kumanda.

Tsalani bwino kufikira sabata la mawa.