Phewa la malume ndi mpini wa khasu

Malume anga abwerako ku Joni ndi phewa lachitsulo. Anagwa pamakwerero ali pa ntchito yomanga, mutu wa fupa la mkono unaphwanyika, ndipo madokotala a ku Johannesburg anauchotsa n'kuikapo chitsulo. Papita masabata asanu okha chichitireni opaleshoniyo, koma Loweruka ndinawapeza akuzika khasu kuti akayambe kugalauza mizere mvula isanagwe. Nditawaletsa anaseka. "Mphwanga, iwe umaphunzitsa sayansi. Kodi chitsulo chimathyoka ndi khasu?"

Ndinawayankha ndi khasu lomwelo. Khasu likamavuta m'munda, kawirikawiri chitsulo chake chimakhala chili bwinobwino. Limayamba kugwedera pamene lalowera mu mpini, bowo limakula, kenako limaguluka. Phewa loikirira nalonso limavutira pomwepo, pamene chitsulo chakumana ndi fupa.

Phewa lathu lili ngati mpira wokhala pa kambale kosaya, ndipo minofu inayi yozungulira ndi imene imaugwiriza pakati. N'chifukwa chake mkono umatembenukira paliponse, komanso n'chifukwa chake kuikapo chinthu chokhazikika n'kovuta. Dokotala wa ku Paris, Jules-Émile Péan, anayesa m'chaka cha 1893 ndi phewa la platinum ndi labala, koma patapita zaka ziwiri analichotsa chifukwa cha matenda.

Lero pali njira ziwiri zogwirizira. Yoyamba ndi simenti ya mafupa, imene John Charnley wa ku England anaitchukitsa poika ziuno zoikirira. Simentiyi simata ngati ulimbo. Imalowa m'timipata ta fupa n'kuuma, ngati mmene konkire imagwirira mzati m'dzenje. Yachiwiri ndi yosiyira fupa lenilenilo ntchito. Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anapeza kuti fupa limatha kumera n'kukakamira chitsulo cha titanium. Choncho amapanga chitsulo chokhala ndi timabowo tosaoneka bwino ndi maso, n'kuchimanga ndi masikuluwu kuti fupa limere m'timabowomo.

Apa ndi pamene ndinawagwirira malume. Mapepala awo a kuchipatala akusonyeza kuti mbali ya mkono anaigwiriza ndi simenti, koma ya ku fupa la phewa anaimanga ndi masikuluwu. Fupa limamera m'chitsulo pokhapokha chitsulocho chikakhala bata. Chikamasuntha kupitirira mamilimita 0.15, kungoposa pang'ono kukhuthala kwa pepala la m'kope, thupi limaikapo mnofu wofewa wonga chipsera m'malo mwa fupa. Munthu samva kusuntha kochepa chonchi, ndiye amaganiza kuti wachira. Khasu likamenya dothi louma la Okutobala, kugunda konseko kumakathera pamalo amenewa.

Palinso nkhani ya mbali imene mphamvu ikugwera. Ana anga a Fomu 3 amadziwa kuti ukakhala kunsonga kwa benchi, nsonga inayo imadzuka. Kambale koikirira kamachita chimodzimodzi mpira ukamakanikiza m'mphepete: mbali ina imatsika, ina imanyamuka, mpaka kamasuka. Zimenezi zimachitika kwambiri minofu inayi ija ikang'ambika. Paul Grammont wa ku Dijon ku France anathana nazo m'chaka cha 1985 potembenuza zinthu. Mpira anauika ku fupa la phewa, kambale n'kukaika ku mkono. Potero malo otembenukira mkono anayandikira fupa, mphamvu yofuna kuzula chitsulo inachepa, ndipo mnofu waukulu wa pamwamba pa phewa unayamba kukweza mkono mosavuta. Phewa la malume ndi la mtundu umenewu.

Musamve ngati ndikuti mkono ungopachikidwa mpaka kalekale. Fupa ndi lamoyo. Julius Wolff wa ku Germany analemba m'chaka cha 1892 kuti fupa limalimba molingana ndi katundu amene likusenza. Likasowa ntchito, kapena chitsulo cholimba chikalanda katundu yense, fupa loyandikana nacho limapyapyala. Chofunika ndi muyezo, ndipo wodziwa muyezowo ndi dokotala ndi wa mafizo, amene amaona chithunzi cha mafupa asanalole munthu kunyamula zolemera.

Ndikudziwa chimene chikuwawa malume. Munda sudikira, ndipo mwamuna amene wadyetsa banja ndi manja ake kwa zaka zambiri safuna kuonerera ena akumulimira. Koma phewa likaguluka, opaleshoni yachiwiri imavuta kuposa yoyamba chifukwa fupa logwirira limakhala litachepa, osanenanso za ndalama za ulendo.

Tinagwirizana kuti khasulo ndilitenge ine. Mizere tikweza ndi ana awo kumapeto kwa sabata, iwo azikhala pansi pa mtengo wa mango n'kumatilangiza. Anavomera monyinyirika, ndipo anandichenjeza kuti mizere ya mphunzitsi imakhala yokhota. Tiona Loweruka likubwerali.