Filimu ya Faten Hamama ndi akazi athu osiyidwa m'malere

Wina akangotchula filimu pakati pathu, akuluakulu ena amayankha ndi liwu limodzi lokha: haramu. Akatero amapinda mkeka, nkhani yatha. Koma fikani pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Kabudula tsiku la msika, muone tinyumba ta vidiyo titadzaza ndi ana, maso ali dwii pa nkhonya ndi mfuti. Kunyanja kuno nakonso n'chimodzimodzi, ndipo ena mwa anawo amakhala atangoweruka ku madrasa. Liwu lija silinatseke ngakhale chitseko chimodzi. Langotilanda mpata wosankhira ana athu choonera.

Amene amaweruza mofulumira chotere amve za mayi Faten Hamama, Msilamu wa ku Egypt, amene anabadwa mu 1931 n'kumwalira mu Januwale 2015. Anayamba kusewera mafilimu asanakwanitse zaka khumi. Ambiri amangowakumbukira monga mkazi wa Omar Sharif, amene analowa Chisilamu n'kuwakwatira mu 1955, koma izo n'zapambali.

Mu Al-Haram, filimu ya 1965, iwo ndi Aziza, mkazi waganyu wa m'minda ya eni chuma. Mwamuna wake ali chigonere ndipo walakalaka mbatata. Aziza atapita kukaifukula, mwamuna wina akumugwiririra m'munda momwemo, ndipo mimba yake akuibisa mpaka kuchira yekhayekha kuthengo. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya kumadzulo kwa Lilongwe safuna womasulira. Filimuyo ikufunsa kuti tchimolo ndi la yani. Kodi funso limeneli ndi haramu?

Koma yotikhudza kwambiri ndi Uridu Hallan ya 1975, kutanthauza kuti ndikufuna njira yotulukira. Doreya watopa ndi nkhanza za mwamuna, wapempha talaka, mwamunayo wakana. Akukalamba pa mabenchi a khoti, pomaliza mlandu ukumugomera. Dziko la Egypt linatekeseka. Mu 1979 malamulo a banja anasinthidwa, ndipo mu 2000 kunabwera lamulo lolola mkazi kuthetsa ukwati kudzera mu khul'u, pobweza mahari. Filimu yokha siinalembe malamulowo, koma inafikitsa kulira kwa mkazi m'makutu amene anali atagontha.

Chochititsa manyazi n'chakuti khul'u siinayambe mu 2000. Ili m'Qur'an, Surah Al-Baqarah ndime 229. Ilinso mu Sahih Al-Bukhari, m'nkhani ya mkazi wa Thabit bin Qays, amene Mtumiki (SAW) anamulola kusiyana ndi mwamuna wake atabweza munda umene anapatsidwa monga mahari. Ufulu unalipo kale m'chipembedzo. Anthu ndiwo anaukhalira.

Tsono werengani, abale anga, akazi a ku Makanjira, ku Malindi ndi ku Namwera amene amuna awo anapita ku Joni kalekale. Ndalama sizibwera, foni siilira, talaka nayonso palibe. Mkazi sali pabanja, komanso si mbeta. Akapita kwa ankhoswe amauzidwa kuti apirire. Ndi makhutba angati a Ijumaa amene anamuuza kuti sharia ili ndi khomo lotulukira, ndi kuti mashehe angathe kumva dandaulo lake n'kuthetsa ukwati wotere? Mwana wake wamkazi akukula akuganiza kuti kusiyidwa chonchi ndiye Chisilamu.

Inde, mafilimu onyansa alipo, ngakhale ku Egypt komweko, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Koma mpeni sitiutaya m'nyanja chifukwa wina anabaya nawo mnzake.

Shemu Joyah anajambula The Last Fishing Boat ku Mangochi, n'kuitulutsa mu 2012: asodzi ake ndi athu, mitala yake ndi yathu. Masiku ano foni ya m'thumba ikujambula. Makomiti a mizikiti ndi magulu a amayi a dawa asonkhanitse atsikana odziwa kusewera, atavala hijabu zawo, shehe akhale pambali kuwongola za sharia, ajambule m'Chiyao ndi m'Chichewa nkhani ya mkazi wopempha khul'u. Akatha aipereke kwa mwini vidiyo wa pa Nsaru ndi wa pa Makanjira.