Lantana Safa ndi Chikwanje

Mlimi wa ku Mpepo kapena ku Mbamba Bay akatema lantana n'kumutentha, amayesa kuti wathana naye. Mvula ikangogwa, chitsa chimaphukanso, nthambi n'kuchuluka kuposa kale.

Chitsamba chamingachi kwawo ndi ku Central ndi South America, ndipo chinabwera ngati duwa lokongoletsa mipanda. Chikalowa m'munda wa chinangwa kapena pamsipu chimaphimba zomera zina, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake, chiwindi chimawonongeka. Chofunika ndi khasu: kuzula chitsa ndi mizu yomwe, nthaka ikadali yofewa, zipatso zisanapse. Komabe mbalame zodya zipatsozo sizidziwa malire a minda, choncho ntchitoyi ikuyenera mudzi wonse pa tsiku lopangana, osati banja limodzi.