BAMBO AANG'ONO, MWERA SAPITA KU BUTCHALA

Abale anga a pa gulupu ino, ndi inu amene uthengawu wangokupezani pochita kukutumizirani, pepani lero ndilemba zambiri. A data yochepa musadandaule, mulibe chithunzi muno. Nkhani ndi ya khola lathu kuno ku Salima, koma mukamawerenga muona khola la kwanu.

Ine ndine mwana wa msodzi. Malemu bambo anayamba ngati mlovi wa eni ake mpaka anadzakhala ndi chilimira chawochawo. Chaka chimene utaka wagwa bwino ku Mbenji, anzawo ankagula wailesi, ena kuwonjezera mkazi. Iwo ankagula msoti wa ng'ombe. Pomwalira anasiya ng'ombe 23, ndipo nkhunzi iliyonse ankaipatsa dzina la mphepo ya panyanja. Kunali Mpoto, kunabwera Vuma, pano tili ndi Mwera.

Tsopano bambo aang'ono, amene akusunga kholalo, akuti Mwera agulitsidwe kwa a butchala kuti tigule injini ya boti. Akuti ndiye amene angatulutse ndalama zambiri, komanso nkhunzi ina ilipo kale m'khola. Nkhunzi yake iti? Kaja ana amakatchula kuti Kambuzi. Zaka zitatu koma msinkhu ngati thole, msana wolowa, miyendo yakumbuyo yogundana.

Bambo, ulemu wanu ndikuudziwa, munatisunga maliro atatha. Injini ikufunikadi, inenso ndapalasapo nkhafi mpaka matuza, sindikutsutsa zimenezo. Koma pa Mwera ndakana, ndipo ndikukana pagulu chifukwa matendawa si a banja lathu lokha.

Taonani zimene timachita m'midzimu. Thole lamphongo likabadwa lamphamvu, lokula msanga, timati eee ili ndiye la ngolo, n'kulithena. Lina labwino timagulitsa ikavuta fizi, lina timapha pa chiliza. Kamene katsala ndi kaja kosafunidwa ndi wina aliyense: wa ngolo anakakana, wa butchala anakakana, nafe timachita ulesi kukathena poti sikagwira ntchito. Ndiye kameneko n'kamene kamakwera ng'ombe zonse za m'mudzi. Tikatero timakhala pansi pa mtengo n'kumati ng'ombe za makolo ndi zazing'ono mwachibadwa. Mwachibadwa chani? Tazichepetsa tokha ndi manja athuwa, chaka ndi chaka, kuchotsa zazikulu n'kusiya zonyentchera kuti zibereke.

Ife a kunyanja tikanayenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezi. Chambo chinapita kuti? Tinakokolola chachikulu, kenako kasawala, kenako ena anayamba kusoka masikito neti m'makoka kuti ngakhale tiana tisapulumuke. Lero mwana wobadwira pa doko akaona chambo chodzaza mbale amachijambula pa foni.

Achimwene a ku Johannesburg nawo alowererapo, akuti gulitsani Mwerayo mugule Brahman, atumiza ndi chithunzi cha pa Facebook, chinkhunzi choyera makutu lendee. Achimwene, mwaiwala msanga. Bambo ali moyo tinayesapo. Munthu wina wa malonda anatibweretsera nkhunzi yosakaniza, akuti yachokera ku Lower Shire, wopanda pepala la katemera, ifenso osafunsa poti maso anali pa linunda. Mwezi sunathe bwino. Inatupa m'munsi mwa makutu, thupi kutentha, kusiya kudya, mapeto ake thovu m'mphuno. Alangizi a ziweto atabwera anangoti chigodola. Ng'ombe zathu zamakolo zinali pomwepo, nkhupakupa zake zomwezo, koma zikudya msipu ngati palibe chachitika. Ndalama ya sizoni yonse ya utaka tinaikwirira kuseri kwa khola, wamalonda uja foni osayankhanso.

Musandimve molakwa, Brahman ndi ng'ombe yabwino. Inapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India, imapirira kutentha, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu apindula nayo zoona. Koma nkhunzi yake yokhwima imatha kufika makilogalamu 800, pomwe zazikazi zathu zambiri sizifika n'komwe 300. Mukaikweretsa pa kamsoti kakang'ono, patatha miyezi 9 mudzakhala mukukoka thole ndi chingwe usiku. Komanso thupi lalikulu limafuna chakudya chambiri. Mu Okutobala dambo likapsa mudzaipatsa chiyani, inu amene mapesi a chimanga mumawotcha ndipo masangwe a mtedza mumasiya awolere m'munda? Amene akufunadi Brahman ayambe wakonza dibi, asunge mapesi ndi madeya, abayitse katemera wa chigodola. Katemerayo amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ndipo ng'ombe imabayidwa kamodzi basi. Atenge ndi chilolezo choyendetsera ziweto, paja ku Lower Shire matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabukabuka, boma n'kutseka misika. Zimenezi zikatheka tidzakambirana, ndipo tidzayambira pa ng'ombe zikuluzikulu zoti zinaberekapo kale.

Ndiye ena mufunsa kuti Mwera wakoma pati. Sindikumukonda chifukwa cha nyanga kapena mtundu wa chikopa, zimenezo sitidya. Bambo anali ndi kope la sukulu, lomwe lija ankalembamo ngongole za alovi, kumbuyo kwake ankalemba ng'ombe: yabereka liti, thole la nkhunzi iti, lafa kapena lakula. Kopelo lili ndi ine. Mayi wake wa Mwera anabereka mathole 7 m'zaka 8, onse anakula, ndipo sanavutikepo pobereka. Ndicho chinthu choyamba kuyang'ana pa nkhunzi, mayi wake. Chachiwiri ana ake. Mathole a Mwera ndimawayeza ndi tepi pachifuwa akamasiya kuyamwa, pa miyezi 7, ndipo amaposa a m'makola oyandikana nawo obadwa mwezi womwewo. Kenako thupi lake: msana wowongoka, chifuwa chakuya, matako odzaza poti nyama ili kumeneko, miyendo yoima bwino, ziboda zosapindika. Nkhunzi yopweteka miyendo yakumbuyo singakwere, kaya ikongole bwanji. Pepani kutchula, machende akhale awiri ofanana, aakulu bwino, osati limodzi lobisala. Ndipo Mwera ndi wofatsa, mwana wa sitandade 4 amamutsogolera ku dambo. Ukali nawo umatengera ku mtundu, ndipo nkhunzi yolusa tsiku lina idzakulipitsani mlandu kwa amfumu.

Zazikazi nazonso tizisankha, tisamangowerenga mitu. Muli ng'ombe m'khola mwathu imene yatha zaka zitatu osabereka. Tikuisunga chifukwa bambo ankaikonda. Ikudya msipu wa ina imene ikanatipatsa thole chaka chilichonse.

Pali mfundo imodzi imene bambo aang'ono akanainena ndikanagonja nayo, ndiye ndiinena ndekha. Mwera wakhala akukwera m'khola muno zaka zitatu. Ana ake aakazi oyamba akula, posachedwa ayamba kufuna nkhunzi, ndipo akawakwera bambo wawo yemwe tidzayamba kuona mathole ofooka, okula mochedwa, ofa chisawawa. Kambuzi uja ndi zotsatira za zomwezo, kopelo likuonetsa kuti Vuma anakwera mwana wake yemwe nthawi imene bambo ankadwala. Choncho n'zoona, Mwera ayenera kuchoka. Koma achoke wamoyo. Pali makola ku Khombedza ndi ku Chipoka amene ali ndi vuto ngati lathuli, nkhunzi yabwino yoti yakhalitsa. Tisinthane nawo mutu kwa mutu, titaona kaye mayi wa nkhunzi yawoyo ndi ana ake. Mwera akadali ndi zaka zingapo za ntchito, ndipo nkhunzi imodzi yokhwima imakwanitsa zazikazi 25. Kumupha lero kuli ngati kuwotcha chilimira chatsopano kuti muwambire nsomba za tsiku limodzi.

Injini? Tigulitse mifule iwiri ija yasiya kukoka ngolo, pamodzi ndi ng'ombe yosaberekayo. Tizipatse madeya miyezi iwiri zidzaze kaye, tisagulitse nthiti. Zikapanda kukwana ndiwonjezera ine, ndalemba pano aliyense waona. Achimwene, ma rand aja munati ndi a Brahman abwere kuno.

Tsono chondipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale tikonze khola lathu, ng'ombe za mudzi wonse zimakumana pa dambo limodzi. Msoti wanga wosankhidwa bwino akafuna nkhunzi masana, amene ali pafupi ndiye amakwera, ndipo kawirikawiri kamakhala ka Kambuzi ka kwa aneba. Munthu mmodzi sangazithe. Koma musandiuze kuti anthu akumudzi sangasunge lamulo. Ku Mbenji, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka chilumba nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, kutsegula mpaka mu Epulo. Asodzi, anthu amene amatchuka ndi kusamva, amamvera, ngakhale mowa sapita nawo pa chilumbapo. N'chifukwa chake utaka wa ku Mbenji ukadali utaka. Nanga chingatikanike n'chiyani kugwirizana kwa amfumu kuti thole lamphongo lililonse losasankhidwa lithenedwe lisanakwanitse chaka, m'mudzi mutsale nkhunzi zitatu kapena zinayi zimene tonse taziona n'kuzivomereza? Chothenera chija cha Burdizzo alangizi a ziweto amachidziwa, sichicheka, magazi satuluka, ntchito ya mphindi zochepa. Mfule amanenepa bwino, amakoka ngolo, amagulika. Palibe amene akuluza, kupatula ulemu wa mwini kankhunzi.

Bambo aang'ono, Loweruka ndikubwera ndi kope la malemu achimwene anu, tidzawerengere limodzi pakhonde. Alangizi ndawauza kale, abwera m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tidzayambira pa Kambuzi wathu yemwe, kuti aneba asadzati tikuloza za eni. Wa butchala uja akaimbanso, muuzeni za mifule.

Amene muli ndi nkhunzi yabwino yoti yakhalitsa, ndipezeni ku inbox, munene ndi mbiri ya mayi wake. Enanu tumizani ku magulupu a kwanu.