Ndani Anatsekera Marita Kukhitchini?

Kaya ndi ku Mvano, ku Chigwirizano kapena ku Umanyano, amayi amawerengeredwa mndandanda womwewo wa akazi a m'Baibulo: Sara wokanda ufa kuti alendo adye, Rute wosasiya apongozi ake, Marita wotanganidwa ndi miphika, Dorika wosokera amasiye zovala. Phunziro lake silisintha: phikani, cherezani alendo, musadandaule. Sindikupeputsa ntchito zimenezi, pakuti palibe maliro kapena msonkhano wa mpingo umene ungayende popanda manja a amayiwa. Chimene ndikutsutsa ndi chinyengo chimene alaliki achita pa liwu limodzi, lakuti "kutumikira".

Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'magulu a mayina. Mtumiki ndi mtumiki basi, ndipo mlowam'malo wakuti "iye" amaimira onse awiri. Koma tamverani mmene liwuli limamvekera m'tchalitchi. Akati "mtumiki wa Mulungu", maso onse amalunjika kwa abusa ovala kolala. Akati "amayi atumikire", aliyense amadziwa kuti kuseri kukufunika nkhuni ndi madzi. Tsinde la mawu ndi limodzi, koma matanthauzo aligawira awiri, lina lapagome, lina lapamafuwa. Galamala ilibe mlandu pamenepa.

Taonani za Febe wa ku Kenkreya. Pa Aroma 16:1 Paulo akumutchula ndi liwu la Chigriki lakuti diakonos, lomwenso lili pa Afilipi 1:1 ndi pa 1 Timoteyo 3:8, pamene tonse timavomereza kuti likunena za udindo mumpingo. Ndime yotsatira ikumutcha prostatis, liwu lonena za munthu wa chuma ndi ulemu amene ena amadalira, ndipo Paulo akudziwerengera pakati pa odalirawo. Nanga liwu limene likakhala pa mwamuna ndi udindo, limasanduka bwanji ntchito yotsuka mbale likafika pa mkazi? Dorika naye tamuchepetsa. Amayi a mpingo wa Seventh-day Adventist anatenga dzina lake, ndipo anachita bwino. Koma ndi angati anauzidwapo kuti pa Machitidwe 9:36 iye akutchedwa mathetria, kutanthauza wophunzira wamkazi, liwu limene silipezekanso pena paliponse m'Chipangano Chatsopano? Singano yake timaikumbukira, uphunzi wake taukwirira.

Amene walakwiridwa koposa ndi Marita. Nkhani ya pa Luka 10:38-42 ikalalikidwa kwa amayi, imathera poti mkazi wabwino akhale Marita ndi Mariya nthawi imodzi, ndiko kuti aphike ndiponso apemphere, katundu awiri pamutu umodzi. Komatu amene Yesu anamuikira kumbuyo ndi Mariya, uja anasiya miphika n'kukhala pa mapazi a mphunzitsi. Kukhala pa mapazi sikunali kungodzichepetsa ayi; ndimo mmene Paulo akufotokozera maphunziro ake kwa Gamalieli pa Machitidwe 22:3. Ndipo Marita yemweyo, pa Yohane 11:27, akuvomereza Yesu kuti ndiye Khristu ndi Mwana wa Mulungu, monga anachitira Petro pa Mateyu 16:16. Chivomerezo cha Petro chamangiridwapo ziphunzitso za zaka mazanamazana. Cha Marita timachidumpha pothamangira kumanda a Lazaro.

Wina anena kuti mkazi wa pa Miyambo 31 ndiye umboni wakuti malo a mkazi ndi pakhomo. Awerenge mutu wonsewo. Mkaziyo akugula munda, akulima mpesa ndi ndalama zake, akugulitsa nsalu kwa amalonda. Liwu la Chiheberi lomufotokoza, chayil, ndi lomwe mngelo ananenera Gideoni ngati ngwazi pa Oweruza 6:12. Debora woweruza Israyeli ndi Hulida, mneneri amene nduna za mfumu Yosiya zinakafunsirako nzeru, samveka kawirikawiri pa misonkhano ya amayi. Za Yaeli, amene anachereza Sisera ndi mkaka kenako n'kumukhomera chikhomo cha hema m'mutu, ndikumvetsa chifukwa chake abusa amazilambalala.

Kusankha kotereku kuli ndi mbiri yake kwathu kuno. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy, anasonyeza mmene akazi achichewa, amene kale anali ndi Makewana woyang'anira kachisi wa mvula ku Msinja, anadzapezeka mu Sinodi ya Nkhoma akusonkhana m'Chigwirizano pamaso pa mkhalapakati, mwamuna wowayankhulira ku bwalo la akulu a mpingo. Amene amasankha ndime zoti amayi awerenge anali yemwenso amasankha mpando woti akhalepo.

Tsono ndikulozanso chala ife tomwe a m'mayunivesite, makamaka ophunzitsa zilankhulo ndi kumasulira. Zonse ndatchulazi timazidziwa, timazilembera mapepala m'Chingerezi ndi kukawerengerana ku Pretoria ndi ku Harare, pamene mayi amene akutsogolera phunziro la Baibulo ku Dedza sanamvepo ngakhale kamodzi, m'chilankhulo chake, kuti Febe anali dikoni.