Kutsimikiza za chipulumutso si kudzikweza

Mlaliki wa m'minibasi akafunsa kuti "Kodi munapulumutsidwa?", akhristu ambiri a mipingo yakale amayankha kuti zimenezo adziwa ndi Mulungu yekha. Kwa iwo, kuvomera molimba mtima ndi kudzikweza. Akulakwitsa, ngakhale maganizo awowo sanayambe lero.

Mu 1547 msonkhano wa mabishopu a Katolika ku Trent unagamula kuti palibe munthu angadziwe mosakayika konse kuti walandira chisomo cha Mulungu. Nkhawa yawo inali yomveka: wodzimva kuti wafika kale amatayirira. Koma Katekisma wa Heidelberg wa 1563, womwe Sinodi ya Nkhoma imautsatira mpaka pano, m'funso lake loyamba lenilenilo umaphunzitsa kuti Mzimu Woyera amamutsimikizira wokhulupirira za moyo wosatha. Maziko a chitsimikizocho ndi imfa ya Khristu, osati khalidwe la mwini wake. Nanga munthu angadzitame bwanji ndi ngongole imene wamulipirira ndi wina?

Mfarisi wa pa Luka 18 sanatsutsidwe chifukwa chokhala wotsimikiza. Anatsutsidwa chifukwa ankawerengera kusala kudya kwake ndi chakhumi chake, uku akuyang'ana cham'mbali wokhometsa msonkho. Paulo, amene ankadziyesa wochimwitsitsa mwa ochimwa onse, ndi yemweyonso anadikira imfa osakayika za mphotho yake.

Chitsitsimutso cha Balokole, chomwe chinafalikira kuchokera ku Gahini ku Rwanda m'zaka za m'ma 1930, chinaonetsa mbali zonse ziwiri. Anthu ake ankanena poyera kuti apulumuka, ndipo omwewo ankaimirira pagulu kuulula kuba ndi chigololo, ena mpaka kubweza zomwe anaba. Wodzikuza sachita zimenezo. Chinavuta n'chakuti ena mwa iwo anayamba kuloza zala abusa ndi aphunzitsi awo kuti ngosapulumuka, ndipo mu 1941 mkangano unakula mpaka ophunzira oposa 20 anachotsedwa pa sukulu ya zaubusa ya Bishop Tucker ku Mukono, m'dziko la Uganda.

Matenda amenewa ndi omwe afala kwathu kuno. Amamveka pamaliro, mlaliki akamauza anamfedwa kumene malemu apita ngati kuti buku la moyo amasunga ndi iye. Amamvekanso m'banja, mwana wobadwa mwatsopano akamauza mayi ake a Mvano, amene anamuphunzitsa kupemphera, kuti mpingo wawo ndi wakufa. Abusa adzudzule zimenezi paguwa mosapsatira, koma mayi amene akunena modekha kuti Yesu anamupulumutsa asamutseke pakamwa.